Dzina Limene Alamu Anafufuta

1

Shati ya alamu ndinkaisita pang'onopang'ono ngati ndikugoneka khanda. Ndinkayamba ndi kolala, kenaka mikono, kenaka kumsana. Ndikafika pamabatani ndinkazunguliza nsonga ya simbi pa batani lililonse mosamala ngati lingalire. Ikatha ndinkaikweza m'mwamba, n'kupezapo khwinya limene panalibe, n'kuyambiranso pa kolala.

Musaganize kuti ndinkawakonda alamuwo. Tebulo lositirapo linali pawindo, ndipo pawindo limenelo m'pamene geti linkaonekera bwino. Kusita kunali kongonamizira. Ntchito yanga yeniyeni inali ulonda. Masana aliwonse, alamu ali ku ofesi ndipo mwana atagona, achemwali anga ankalowa kuchipinda n'kukhoma chitseko. Ine ndinkaima pawindo, simbi ili m'manja. Galimoto ya alamu ikangoonetsa mphuno pageti, ndinkamenya khoma ndi chikhatho. Achemwali ankatuluka akukonza tsitsi, maso akuwala ngati munthu wochokera kosangalala, n'kuthamangira kukhitchini kukatereka ketulo.

Zimene ankachita kuchipindako ndikuuzani, koma osati panopa. Ndinalumbira kuti sindidzauza munthu, ndipo lumbirolo linatsala pang'ono kuwalanditsa mwana.

Ine ndine mzime kwathu. Nditamaliza sekondale ndinabwera kudzakhala ndi achemwali kuti ndiziwathandiza kulera mwana wawo, kamnyamata kamene tonse tinkakatchula kuti Phwanya, chifukwa chilichonse chimene kagwira chinkasanduka zidutswa. Ine achemwali ananditcha Duu ndili wamng'ono, poti alendo akabwera ndinkangokhala duu pakona, maso okha akuyendayenda. Pakamwa pa achemwali dzinali linkakoma. Alamu analitola osapempha n'kumaligwiritsa ntchito ngati analipeka okha. Ndi mmene ankachitira ndi chilichonse.

"Iwe Duu!" anatero tsiku lina akulowa, makiyi akuwazunguliza pachala. "Shati yomwe ija ndinakusiya nayo m'mawa? Ukanakhala kompyuta bwenzi nditakugulitsa kalekale."

Anaseka mpaka kugwira pamimba. Nthabwala za alamu zinali ndi munthu mmodzi amene sankalephera kuziseka, iwo eni.

Ine ndinangoti, "Yatha, alamu."

2

Alamu ankalemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo ankafuna kuti aliyense, ngakhale munthu wodzawerenga mita ya madzi, aziwatchula kuti Injiniya.

Anthu a ntchito imeneyi ali ndi pulogalamu yawo yolemberamo, ndipo zimene amalembamo amati khodi. Pulogalamuyo munthu akhoza kuiwonjezera tizidutswa toithandiza ntchito, timene amati mapulagini. Alamu anali ndi pulagini yawo imene ankagulitsa pamsika wa pa intaneti. Ntchito yake inali kuwongola khodi. Munthu akalemba mizere yokhotakhota, iyo inkaisalaza yonse kuti iwerengeke bwino. Tingoti inali simbi ya khodi. Galimoto, sofa, ndi magalasi akuda amene ankavala ngakhale kukugwa mvula, zonsezo zinachokera mu pulagini imeneyo.

Alamu ndi achemwali anaphunzira kalasi imodzi ku koleji. Satifiketi ya alamu inali pakhoma la pabalaza, mu felemu yonyezimira. Ya achemwali inali m'sutikesi kunsi kwa bedi. Atangokwatirana alamu ananena kuti m'nyumba imodzi simungakhale mainjiniya awiri, ndipo achemwali anavomera kusiya.

Loweruka lina kunabwera mnzawo wa ntchito, amene kunyumba tinkangoti Andevu. Anakhala pabalaza, laputopu ili pakati pawo. Ine ndinalowa ndi tiyi. Ubwino wokhala Duu ndi wakuti anthu amayankhula pamaso pako ngati ndiwe mpando.

"Injiniya," anatero Andevu, "fayilo iyi yowongola mizereyi munaitenga kuti?"

"Pa intaneti. Ndi zaulere zimenezo."

"Zaulere inde. Nanga laisensi yake munawerenga? Imakhala pamwamba penipeni pa fayilo."

"Ndani amawerenga zimenezo? Mizere yongotalikitsa fayilo. Ndinafufuta."

Andevu anaika kapu pansi. "Mwafufuta ndi dzina la mwini wake lomwe?"

"Dzina lanji? Munthu wodzitcha Kafadala ali ndi dzina? Si kachilombo konamizira kufa kaja?"

"Tamverani, akulu. Khodi yaulere siili yofanana yonse. Ina mwini wake amati tengani, chitani nayo zimene mukufuna, bola dzina langa musachotse. Ya Kafadalayi ndi ya mtundu wina. Iyeyu akuti tengani, isintheni, kugulitsa gulitsani, koma chimene mwaikamo khodi yangayi mukachipereka kwa anthu, nanunso mutsekule khodi yanu yonse kuti ena aione ndi kutengako monga mwatengera inu. Tsono laisensi yathu ikuti munthu asaone, munthu asakopere. Ziwirizi mukaziika mu pulagini imodzi zimamenyana."

"Ndiye ukufuna ndigawe thukuta langa ngati masiwiti?"

"Thukuta lathu ndi mabatani ndi mitundu yokongolayi. Chimene anthu akugula ndi cha Kafadala." Andevu anakanda ndevu zawo. "Sizovuta. Mutsekule khodi yathu. Mukakana, tichotse yakeyo tilembe yathu. Apo ayi mumulembere mumupemphe chilolezo chapadera. Ambiri amavomera akapemphedwa mwaulemu."

"Ine? Ndipemphe kwa kachilombo?" Alamu anakweza magalasi awo pamphumi. "Aise, pulagini yathu ndi yotseka. Aona bwanji zam'kati? Alota?"

Nthawi imeneyo achemwali analowa ndi buledi pa thireyi. Anaima kumbuyo kwa sofa, maso awo n'kugwera pa sikirini. Ndinawaona akuwerenga mzere ndi mzere, buledi ataiwala.

"Amake Phwanya, mukuyang'ana chiyani?" anatero alamu. "Izitu si zoluka." Kenaka anatembenukira kwa Andevu. "Mkazi wangayu ku koleji anakhoza chifukwa ankakhala pafupi ndi ine. Nzeru zimapatsirana ngati chimfine."

Anasekanso okha. Andevu anayang'ana m'kapu. Achemwali anamwetulira, n'kuika buledi patebulo, n'kutuluka.

Ndinawapeza kukhitchini akutsuka kapu imene ndinali nditatsuka kale.

"Achemwali..."

"Usayankhule, Duu."

"Koma mwamva zimene..."

"Ndati usayankhule."

Dzina la Kafadala silinali lachilendo kwa ine. Ndi dzina limene linkawatsekera achemwali kuchipinda masana aliwonse.

3

Patapita masiku, Phwanya anakwera pa sofa n'kugwa chamutu, n'kutemeka pamphumi. Kulira kwake kunawatulutsa achemwali kuchipinda ngati atenthedwa. Anamunyamula n'kuthamangira naye kuchipatala, chitseko cha kuchipinda n'kuchisiya pululu. Ine ndinatsala ndekha m'nyumba. Ndinazimitsa simbi, n'kulowa kuchipindako ndi tsache.

Bala la Phwanya linapola msanga. La alamu linabwera pambuyo pake.

Tsiku limenelo alamu anabwera dzuwa likadali pamutu, ndipo ndinatsala pang'ono kuchedwa kumenya khoma. Analowa osazunguliza makiyi. Magalasi anali m'thumba.

"Andichotsa!" anakuwa. "Amsika achotsa pulagini yanga! Akuti Kafadala wadandaula. Watumiza ndi zithunzi zomwe, khodi yake mbali iyi, yanga mbali iyo, mzere ndi mzere. Akuti ndikonze kaye ndiye adzaibwezere."

Achemwali anaima pakhomo la kukhitchini, supuni ili m'manja. "Wadandaula? Kafadala?"

"Mwagontha? Kapena ndiyankhule m'chilankhulo cha mapoto?"

Nkhope ya achemwali inali ya munthu amene wauzidwa kuti anamuona kumsika pamene iye anali gone kunyumba.

Kuyambira tsikulo m'nyumba munalowa mphepo yozizira. Makasitomala ankaimba foni osalekeza. Andevu anabwera kamodzi n'kubwereza mawu awo aja, tsekulani kapena pemphani, ndipo alamu anawatulutsa ndi mawu amene sindingalembe m'magazini. Kenaka analengeza kuti alemba yawo yowongolera mizere, yoposa ya kachilomboko. Anasiya kupita ku ofesi. Anakhala patebulo lodyera, malaya ali pambali, akumenya mabatani ngati ali nawo mlandu. Ine ndinkadutsa kumbuyo kwawo ndi tsache n'kumasuzumira. Mizere imene inalowa yokhota pang'ono inkatuluka ili balala ngati nkhuku zaona kabawi.

"Amake Phwanya, mwana akusokosa! Ndingaganize bwanji?"

Mwanayo anali m'tulo.

Popeza alamu anali pakhomo, achemwali sanalowenso kuchipinda masana. Shati ndinkazisita mwachangu ngati munthu wabwinobwino, ndipo palibe anazindikira.

Yawo itakanika, alamu anapeza ntchito imene ankaitha bwino, kutukwana. Anapeza imelo ya Kafadala n'kuyamba kumutumizira mauthenga, akuwerenga mokweza kuti tonse timve luso lawo.

4

Linali Lamlungu m'mawa, tikumwa tiyi. Foni ya achemwali inali patebulo pafupi ndi shuga. Dzulo lake Phwanya anali ataiseweretsa, ndipo zala zake zinatsekula kulira kwa mauthenga kumene mayi ake anatseka.

"Tamverani iyi," anatero alamu akutaipa. "Iwe mphemvu, ukanakhala mwamuna weniweni bwenzi utaonetsa nkhope." Anadina batani lotumizira.

Foni ya achemwali inalira.

Alamu sanalabadire. Anataipa china. "Amuna anzako timagwira ntchito, iwe umangodikira kulira." Anatumiza.

Foni ya achemwali inaliranso.

Dzanja la achemwali linapita pa foni, koma la alamu linafika msanga. Anayang'ana. Anawerenga mawu awo omwe, mphemvu ndi zonse. Ine mumtima ndinati lero munthuyu aganiza. Ndinawapatsa ulemu wosawayenera.

"Imelo ya Kafadala ili m'foni mwako." Ulemu wa inu unathera pomwepo. "Mwamunayu amagwira foni yako. Amalowetsamo zinthu zake ngati ndi yake."

"Bambo a Phwanya, khalani pansi."

"Ndimadabwa ine! Pulagini yotseka, waiona bwanji? Zithunzi za laputopu yanga wazitenga kuti? Amalowa m'nyumba mwanga! Amakhala pa sofa yanga!"

Anatuluka osavala nsapato n'kupita kwa mayi a nyumba yoyandikana nayo, amene maso awo sankagona ndipo pakamwa pawo sipankatopa. Anabwerako nkhope ili yowala ngati wapambana mayeso.

"Akuti masana aliwonse makatani a kuchipinda amatsekedwa. Akuti kachitsiru aka kamaima pawindo ngati mlonda, ine ndikamafika kamamenya khoma." Anandiloza ndi chala. "Shati imodzi tsiku lonse! Ndinkati ndi ulesi, kani ndi ntchito yolembedwa. Amalowera pati, Duu? Pawindo lakumbuyo?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndi ndani?" anawafunsa achemwali. "Wa ku koleji? Ndi yemwe ankakulembera mayeso?"

Achemwali anatola makapu n'kuwaika pa thireyi imodziimodzi.

"Chabwino. Ndiitana amayi. Ndiitananso amalume ako adzaone chimene analera. Upita kwanu, koma Phwanya atsala. Mwana wanga sangaleredwe ndi mkazi wachimasomaso."

Chimene chinandinyansa kwambiri n'chakuti ankaoneka opepukidwa. Pulagini inali itawakanika, koma apa anapeza mlandu umene ankautha. Madzulo ake anadya bwino kuposa masiku onse a m'mbuyomo.

5

Tsiku loti alendo abwera mawa lake, ndinawapeza achemwali kuchipinda akupinda zovala za Phwanya. Ndinakhala pabedi n'kuyamba kuwathandiza.

"Auzeni," ndinatero.

"Sindingathe."

"Ndiye ndiwauza ine."

"Unalumbira, Duu." Anasalaza kabudula kakang'ono pabondo. "Sukumudziwa mlamu wako. Nkhani ya mwamuna angathe kundikhululukira. Akalipa, andichititsa manyazi, kenaka adzandikhululukira pamaso pa anthu kuti azimutama kuti ndi woleza mtima. Adzakhala ndi chondikumbutsa moyo wonse, ndipo zimenezo zidzamukomera. Koma zoona zake sangazimeze. Banja lithera pomwepo."

"Banja lake liti, achemwali?"

Anandiyang'ana modabwa, chifukwa sindinkayankha chotero. Kenaka anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Wakula eti? Ukadzakwatiwa udzaona kuti pali zinthu zimene mkazi amabisa, osati chifukwa ndi zoipa."

"Nanga akatenga Phwanya?"

"Sangamutenge. Akungoopseza. Munthu wosadziwa kumene kumakhala matewera angatenge mwana?"

"Amayi awo akudziwa kumene amakhala."

Manja awo anaima. Kenaka anapitiriza kupinda, mofulumira tsopano.

"Chimene chikundisowetsa tulo ndi china," anatero motsitsa mawu. "Kafadala sanadandaule kwa amsika. Ndikudziwa bwino lomwe. Sanadandaule."

Ine ndinatola sokosi imodzi n'kuyamba kufunafuna inzake.

6

Alendo anafika chakumasana. Amayi a alamu anakhala pa sofa yaikulu, chikwama chili pamiyendo ngati akuopa kuti m'nyumba ya chigololo muli akuba. Amalume athu, bambo ofatsa amene anagwira ntchito yokonza mawotchi moyo wawo wonse, anakhala pampando wa pakona, chipewa chili pabondo. Achemwali anakhala pampando wodyera, Phwanya ali pamiyendo. Ine ndinaima pakhomo. Palibe anandiuza kuti ndikhale kapena ndichoke.

Alamu anavala shati yoyera imene ndinasita ine, ndi magalasi akuda, m'nyumba. Anayankhula ataimirira, akuyendayenda ngati loya wa pa kanema. Anafotokoza za thukuta lawo, za usiku umene sankagona, za mdani wansanje wotchedwa Kafadala, za foni, za makatani, za khoma. Za mizere imene anafufuta sananeneko.

"Mwanawe," anatero amalume, "zimene akunenazi n'zoona? Kuchipindako umakhala ndi ndani?"

Achemwali anayang'ana pamutu pa Phwanya.

"Mwaona?" anatero alamu. "Chete ameneyu ndi wa kubanja kwawo. Wina Duu wamkulu, wina Duu wamng'ono."

"Ine sindinabwere kudzamva zambiri," anatero amayi awo. "Ndinanena kalekale kuti mkazi wa sukulu zambiri sakhazikika. Mwana ndinyamuka naye lero. Zovala zake zili kuti?"

Anaimirira n'kutambasula manja. Phwanya, poti ankawadziwa agogo ake kuti amayenda ndi masiwiti, anatsika pamiyendo ya mayi ake n'kupita yekha. Achemwali anatsala manja ali m'malere. Ndinaona kuti akhaladi chete mpaka geti litatsekedwa.

Ndinalumbira kuti sindidzanena. Sindinalumbire kuti sindidzanyamula kanthu.

Ndinapita pa tebulo lositira. Pansi pake panali dengu la zovala, malo okhawo m'nyumba monse amene alamu sanagwirepo chikwatirire. Ndinachotsa shati zawo, pansi penipeni n'kutulutsa laputopu yakale yong'aluka pakona, yomatidwa ndi tepi. Ndinabwerera pabalaza n'kuiika pamiyendo ya achemwali, pamene panali mwana.

Anaiyang'ana. Anandiyang'ana ine. Anayang'ana Phwanya ali m'manja mwa agogo ake. Kenaka anaitsekula.

"Amalume, kuchipinda ndimakhala ndi ichi," anatero. "Kafadala ndine."

Alamu anaseka, koma kusekako kunathera panjira.

"Khodi yowongola mizere ndinayamba kuilemba tili ku koleji, tisanayambe n'chibwenzi chomwe. Ndinaiika pa intaneti kuti aliyense atenge, bola nayenso asatseke ndipo asachotse dzina. Pali anthu kutali amene amaigwiritsa ntchito, amandilembera ikavuta, ine n'kukonza. Munandiuza kuti ndisiye, ndinavomera ndi pakamwa pokha. Pamenepo ndinalakwa."

"Bodza! Wakuphunzitsa zonena mwamuna wakoyo!"

"M'fayilo imene munatenga muli kachigawo koletsa pulogalamu kusokosa ndi machenjezo opanda pake. Dzina lake n'chiyani?"

Alamu anatsekula pakamwa. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

"Duu," anatero achemwali. "Ndinakatcha dzina la mng'ono wanga. Mwakhala mukuliona tsiku ndi tsiku, osadzifunsa."

Anataipa mawu ochepa n'kudina batani. Foni ya alamu inalira m'thumba la shati yoyera ija.

"Tawerengani timve nawo, bambo," anatero amalume mofatsa. "Ife maso anatha."

Alamu anawerenga ndi mawu a munthu womeza mankhwala owawa. "Kuchokera kwa Kafadala. Bwezerani dzina langa."

Amayi awo anakhalanso pansi, Phwanya n'kupulumuka kubwerera kwa mayi ake.

"Ndiye mwamuna kulibe?"

"Kulibe, amayi," anatero achemwali.

"Ulendo wonsewu, mwamuna kulibe?" Anayang'ana sofa imene anakhalapo, anayang'ana galimoto pawindo, kenaka mwana wawo. "Iwe, vula magalasiwo ndikuone."

Alamu anavula. Maso awo anali ang'ono kuposa mmene ndinkawakumbukirira. Koma munthu wozolowera kukhala wolakwiridwa sasowa pogwira.

"Ndiye wandipereka ndiwe? Mkazi wanga weniweni, kukandinenera kwa amsika, kundigwetsera ntchito?"

"Sindinadandaule ine. Ndinaona khodi yanga pa laputopu yanu, dzina litachotsedwa, ndipo ndinakhala chete monga ndimachitira."

"Nanga ndani? Ndani wina amagwira chilaputopu chimenecho?"

7

Inu owerenga, ndisanakuuzeni yankho, mundilole ndikuuzeni kumene tili lero.

Achemwali ananena zoona. Alamu akanakhululukira mwamuna, koma izi sanazimeze. Pulagini yawo inabwerera pamsika, yotsekula, dzina lenileni la achemwali lili pamwamba pa fayilo, ndipo analitaipa okha ndi zala zawo chifukwa panalibe njira ina. Anthu akuigulabe. Koma kuyambira tsikulo sankatha kumwa tiyi wa achemwali osaoneka ngati akutsamwa. Achemwali sanathamangitsidwe. Ananyamuka okha, masana, satifiketi ili m'manja, Phwanya ali kumsana. Tikukhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa shopu ya telala. Amagwira ntchito patebulo lodyera, chitseko chili chotsekula, ndipo Andevu amawabweretsera makasitomala.

Ine achemwali sanandiyankhule kwa nthawi ndithu. Atayankhula anati, "Unatenga dzina langa osapempha, Duu. Wasiyana pati ndi mlamu wako?" Mawu amenewo anandilasa chifukwa anali oona. Ndinapepesa, ndipo anandikhululukira. Alamu mpaka lero sanapepese. Kusiyana kwathu mwina n'komweko.

Ngati mumalemba mapulogalamu, mizere ya pamwamba ija muziwerenga. Kuseri kwake kuli munthu amene wakuuzani momveka chimene akulola ndi chimene sakulola, ndipo ngati sizikugwirizana ndi zanu, amafunsika. Ngati simulemba mapulogalamu, tayang'anani amene amakupatsirani tiyi. Mukudziwa chimene amatha?

Tsopano tibwerere pabalaza paja, chifukwa funso la alamu silinagwe pansi. Ndinachoka pakhomo n'kuima pakati pa chipinda, malo amene ndinali ndisanaimepo.

"Ndine, alamu."

"Iwe?"

"Ine. Tsiku limene Phwanya anagwa, achemwali anasiya laputopu yosatseka, ndipo dandaulo ndinalitumizira pamenepo. Zithunzi ndinajambula ndi foni yanga ndikupukuta tebulo lanu, inu muli kubafa. Zoti ndilembe ndinazimva kwa anzanu aja, pano pomwe, ndikukuthirirani tiyi."

"Kamwana iwe, ndani wakupatsa pakamwa m'nyumba mwanga?"

"Musiyeni amalize," anatero amalume.

"Mwakhala mukundiseka kuti shati imodzi imanditengera tsiku lonse. Ndinkalondera kuti mkazi wanu akonze chinthu chimene chimakudyetsani. Anzanu anakuuzani kuti mupemphe, inu munati simungapemphe kachilombo. Mwini wake anali ataima kumbuyo kwanu ndi buledi, inu n'kumuuza za zoluka. Foni italira, munali ndi zinthu ziwiri zoti musankhe kukhulupirira, kuti mkazi wanu ndi wachiwerewere kapena kuti ndi wanzeru. Munasankha chimene chinakupepukirani, mpaka kuitanira amayi anu kuti adzamulande mwana. Ine sindikuopani, alamu. Ndinkangokhala chete chifukwa ndinalibe chabwino chonena za inu."

Ndinaloza pawindo.

"Shati zanu zili pansi apo. Simbi ili patebulo. Muyambe ndi kolala."